Kalipentala Amene Anakana Nyimbo Zodekha

Bambo Anselmo Furtado ankadana nazo nyimbo zathu, ndipo sankabisa. Ndayamba ndi mfundo imeneyi dala, chifukwa masiku ano kwabuka tianthu tofotokoza mbiri, tomwe timafuna kuti aliyense amene anali kugombe la California m'chaka cha 1962 akhale mnyamata wa tsitsi loyezuka ndi dzuwa, thabwa lokwerera mafunde lili m'khwapa. Bodza lenileni. Amene anapulumutsa gule wathu anali nkhalamba ya zala zisanu ndi zitatu, yogontha khutu limodzi, yomwe sinakwerepo funde ndi tsiku limodzi lomwe. Inkati okwera mafunde ndi alesi othawa ntchito. Penapake sinkanama.

Ine ndine Wendell, ndipo ndinkaimba ng'oma. Pagulu lathu tinalipo anayi, popanda woimba ndi pakamwa, ndipo tinkayenda modzitukumula chifukwa cha zimenezo. Mawu a chiyani? Munthu amene funde linamukwirirapo n'kumulavula amadziwa kuti mkati muja mulibe ndakatulo, muli mkokomo basi. Mkokomo umenewo ndi umene mnzanga Rudy Escalante ankausaka pa gitala yake. Kulira kwa gitalayo ankakudutsitsa m'kabokosi ka masipuling'i, n'kumatuluka konyowa, kukudontha, ndipo akakamenya kabokosiko ndi phazi kankaphulika ngati funde likuswekera pamwala.

Kwathu mafunde abwino ndi a m'mawa. Dzuwa likafika pamutu mphepo imatembenuka n'kuwaononga, ndiye Lamulungu lililonse masana gombe lonse linkakhamukira ku holo ya Marisol, mchenga udakali kumapazi. Holoyo inakhala pa mizati, theka pamwamba pa mchenga, theka pamwamba pa madzi. Gule wathu analibe luso lililonse, tisanamizane. Tinkangoponda pansi mwamphamvu, nkhwaira za matayala kumapazi, anthu mazana anayi mdidi umodzi. Matabwa amene tinkawazunza chonchowo anayala ndi Bambo Furtado.

Anabadwira pa kachilumba ka Apwitikizi pakati pa nyanja. Kuno anafika ali ndi zaka khumi ndi zinayi, n'kukulira kokhoma mabwato ophera nsomba ku San Pedro. Zala ziwiri anazisiya pa macheka. Khutu lakumanzere linafa ndi nyundo, zaka ndi zaka akukhomerera thonje m'ming'alu ya mabwato. M'chaka cha 1931, ntchito ya mabwato itazilala, anawatenga kudzayala matabwa ovinirapo a Marisol. Atakhoma msomali womaliza anaitana akazi awo, Mayi Idalina, n'kuvina nawo awiriwiri m'holo yopanda munthu, popanda nyimbo, kuti amve ngati pali thabwa lolira. Analipeza limodzi ndipo analizula tsiku lomwelo. Mayi Idalina atamwalira, iwo sanapondenso pamwamba pa matabwawo nthawi ya gule. Anasamukira kunsi.

Ndikati anasamukira kunsi sindikukokomeza kwenikweni. Kachipinda anali nako m'tauni, koma madzi akangophwera mumawapeza pakati pa mizati, tochi kudzanja, nyundo yamtengo m'lamba, akubaya mitengo ndi mpeni kuti aone yofumbwa. Chakudya chawo chinali buledi, nsomba zam'chitini ndi anyezi wosaphika. Fungo lawo linkayamba kufika iwo asanaoneke.

Tinadziwana moyambana. Lamulungu lathu loyamba ku Marisol, tikulongedza katundu, anatulukira pakhomo lakumbuyo mathalauza atanyowa mpaka m'mawondo.

"Ndani amamenya zitini uja?" anafunsa.

"Ndine, madala. Komanso si zitini."

"Umatopa pakati pa nyimbo."

Magazi anandithamangira kumutu. Ine ndinkasintha matayala a malole masiku asanu ndi limodzi pa sabata, mikono ngati ya chimphona, lero nkhalamba yonunkha anyezi izindiuza kuti ndimatopa?

"Mwamva bwanji, poti anthu amati simumva?"

"Khutu ndi lakufa, koma msana ndi wamoyo. Tiye kunsi, wa zitini. Kapena ukuopa kunyowa, iwe wokwera mafunde?"

Anyamata anaseka chikhakhali, ndiye ndinalibe kothawira. Tinatsika. Kunsi kuja kunali kamdima kozizira, madzi akunyambita mizati. Pa mtanda waukulu wapakati, umene umanyamula matabwa onse, anali atamangapo kachingwe kokhala ndi mtovu kumapeto. Pambali pake, pa mtanda womwewo, panalendewera chingwe chachikulu cha bwato. Anagwira chingwe chachikulucho n'kuyamba kuchikoka, kusiya, kukoka, kusiya, pa liwiro la munthu amene akuyenda ndawala kupita kuntchito. Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako ndinaona kamtovu kaja kakuyamba kudumpha, ndipo mtanda wonse, chimtengo chimene anthu khumi sangachinyamule, unayamba kupuma. Nkhalamba imodzi yokha! Atatero anafulumiza kukoka, msangamsanga, ndipo kamtovu kanangoti zii.

"Waona?" anatero. "Bwato lililonse lili ndi kagwedezedwe kake. Mafunde akamabwera pa liwiro lomwelo, bwato limagudubuzika ngakhale nyanja isanaluse n'komwe. Mankhwala ake ndi kusintha liwiro. Matabwa awa ndinayalira anthu ovina motsetsereka, osati mbuzi zanuzi. Mukathamanga, sapeza mpata woyankha. Koma iwe ukatopa n'kutsikira pa liwiro ndakuonetsa lija, amayamba kuvina nanu. Ndipo matabwa akavina, mphwanga, amavina kamodzi."

Kuyambira pamenepo tinali ndi kagwiridwe kathu ka ntchito, komwe sitinauze munthu. Ng'oma zanga zinali pamwamba penipeni pa mzati wina. Gule akayamba, iwo ankaima patsinde pa mzatiwo, dzanja limodzi pa mtanda. Ndikangoti ndafooka, nyundo inkabwera: du, du, du, kudutsa mumzati, kudutsa pampando, mpaka m'matako mwanga. Ndinkatsatira. Anthu ankati Wendell ndi chilombo, satopa. Chilombo chinali kunsi, chikutafuna anyezi.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati pali nyimbo yathu imodzi yomwe amaikondako.

"Nyimbo? Iti? Ine ndimangomva ngati galimoto ya zinyalala yagwera m'chitsime."

"Nanga mumavutikiranji nafe?"

"Sindivutika nanu. Ndimavutika ndi matabwa anga."

Chaka chachiwiri mavuto anabwera kuchokera kumtunda, kwa anthu a nyumba zoyang'ana kunyanja, aja amafuna nyanja ya pawindo yopanda anthu ake. Analemba makalata ku khonsolo kuti tikugwetsa holo, kuti ana awo aakazi akubwera kunyumba thukuta kamukamu, kuti nyimbo zopanda mawu sungadziwe chimene zikuphunzitsa. Mfundo yomalizayi imandipsetsa mtima mpaka lero. Khonsolo inatumiza woyendera nyumba, Bambo Whitcomb, munthu wa tayi ngakhale pamchenga. Sanali woipa mtima, ndinene zoona. Vuto lake ankakhulupirira pepala kuposa maso ake.

Anatisonkhanitsa m'holo Lachiwiri masana: ife anayi, Bambo Furtado, ndi mwini holo, Mayi Odessa Pruitt, amene amuna awo anawasiyira Marisol ndi chifuwa cha fodya. Bambo Whitcomb anaika patebulo zinthu ziwiri. China chinali mbale yachitsulo. China chinali kachipangizo kogwedeza kamkono uku ndi uku, kaja amayendera ana ophunzira piyano. Ife tinangokatcha kawotchi.

"Lamulungu likudzali ndidzayesa holo ino anthu atadzaza," anatero. "Malamulo ndi awiri. Ndidzapachika mtovu pa mtanda wapakati, zala ziwiri pamwamba pa mbale iyi. Mtovu ukagunda mbale, ndiye kuti matabwa akutsika mopitirira muyeso, holo itsekedwa. Lachiwiri, khonsolo yati nyimbo zichepe liwiro. Wa ng'oma azitsatira kachipangizo aka. Akakaposa, holo itsekedwa."

Anakakhudza, kanayamba kugogoda. Ndinatchera khutu. Linali liwiro lija la munthu wa ndawala, ndendende.

Bambo Furtado anayandikiza khutu lawo lamoyo, n'kuseka kuseka kowawa.

"Bwana, mwasankha nokha liwiro limeneli, kapena Satana wakuthandizani?"

"Pepani?"

"Ili ndi liwiro lokhalo limene lingagwetse holo ino. Asiyeni athamange."

"Bambo, ndinapita kusukulu ya zomangamanga. Mapazi akachuluka pa mphindi, katundu pa matabwa amachulukanso. N'zowerengera."

"Inu munawerengera, ine ndinakhoma. Munayamba mwagonapo m'bwato likugudubuzika?"

"Ino si bwato."

"Ikagwera m'madzi ikhala bwato, ndipo loipa."

"Anselmo, chonde," anatero Mayi Pruitt. "Usatiputire zina."

Bambo Furtado anavula chipewa, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita. "Chabwino, bwana. Malamulo anu ayende. Koma ndikupempha chimodzi. Mbale yanuyo musaisiyire wina. Mudzaime nayo nokha kunsi, pambali panga, mutu wanu pansi pa mtanda umodzimodzi ndi wanga. Munthu wokhulupirira masamu ake sangaope."

Bambo Whitcomb anafiira mpaka m'makutu, koma pamaso pa mayi ndi anyamata anayi akanakana bwanji? Anavomera.

Sabata imeneyo ine sindinkadya bwino. Ndikatsatira kawotchi, matabwa avina. Ndikakaposa, Marisol yatsekedwa, ndipo gombe lonse lidzati Wendell ndiye anatitsekera holo ndi matama ake. Holo ina yolola gule wathu kunalibe mtunda wonse umenewo. Rudy ankaona ngati n'zophweka.

"Aise, tingowaimbira tinyimbo titatu ta ku maliro, bwana asangalale, azipita. Sabata yamawa tibwerera zathu. Madala aja akungokuopseza."

"Iwe sunauone mtanda uja ukupuma."

"Mtanda kupuma? Wayamba kudya anyezi nawenso?"

Loweruka madzi ataphwera ndinatsikira kunsi. Ndinapeza Bambo Furtado aimika mizati inayi yatsopano yothandizira, okha, pa msinkhu wa zaka makumi asanu ndi awiri.

"Madala, ndichite chiyani mawa?"

"Yamba ndi kawotchi kawoko. Munthu uja sangamve za m'kamwa, ayenera kuona yekha. Mizati iyi ipirira mphindi ziwiri, mwina zitatu. Ukamva nyundo, usandifunse mafunso."

"Akatitsekera?"

"Atitsekere tili chiimire. Kodi ukufuna atitsegulire tili m'madzi?"

Lamulungu mafunde anali okongola m'mawa, koma sindinalowe m'madzi. Pofika masana holo inali itadzaza mpaka pakhomo, chifukwa mbiri inali itamveka kuti Marisol ikuweruzidwa. Bambo Whitcomb anaika kawotchi pambali pa ng'oma zanga, anapinda mathalauza, n'kutsika ndi mbale yawo. Mayi Pruitt anaima pakhomo, milomo ikuyenda. Sindikudziwa ngati ankapemphera kapena kutukwana.

Ndinawerenga zinayi motsatira kamkono kaja, tinayamba. Nyimbo yathu yothamanga kwambiri inatuluka ikukwawa ngati munthu wodwala malungo. Anthu anayang'anana, ena anakuwa motinyoza, komabe mapazi anagwira. Pa liwiro limenelo ngakhale wopanda khutu la nyimbo amaponda nthawi yake. Mdidi unali umodzi kuposa masiku onse.

Sipanathe mphindi, ndinamva mpando wanga ukunyamuka n'kutsika. Mabotolo pa tebulo la zakumwa anayamba kugundana. Ng'oma yanga yaikulu inayamba kundithawa pang'onopang'ono. Kenako kabokosi ka Rudy kanaphulika kokha, popanda wokamenya, kamodzi, kawiri, chifukwa masipuling'i ankagwedezeka ndi matabwa. Ovina anasangalala, ankaona ngati ndi dala. Rudy anatembenuka kundiyang'ana, nkhope itachita mbuu. Sankasekanso.

Ndinali ndi mantha, ndisaname. Ndinadikira nyundo. Sinabwere. Pansi panamveka kuthyoka kwa mtengo, khwa, ndipo mbali imodzi ya holo inachita ngati yagwada pang'ono. Nyundo osabwerabe. Ndinayang'ana kamkono kaja kakugwedezeka mwaulemu, uku ndi uku, ngati kuti palibe chikuchitika, ndipo ndinadana nako kuposa chinthu chilichonse chimene ndinadanapo nacho.

Ndiyeno inabwera. Du. Du. Inali yofooka, yosalongosoka, osati nyundo yomwe ndinkaidziwa. Kenako inakhazikika: du-du-du-du, msangamsanga, kuposa mmene tinaimbirapo chiyambire.

Ndinakantha kawotchi ndi ndodo ya ng'oma, kanauluka kukagwera pakati pa ovina.

"Rudy, thamanga!"

Rudy anamenya kabokosi ndi chidendene, funde linasweka m'holo monse, ndipo tinanyamuka. Dzanja lake silinkaoneka pa nsambo. Ine ndinkamenya mpaka ndodo imodzi inathyoka, ndinatola ina osaima. Anthu mazana anayi anakuwa n'kutithamangira pambuyo ndi mapazi. Ndipo pansi, pansi paja pamapuma, panauma gwa. Mabotolo anakhala chete. Ng'oma yanga inaima pamalo pake. Tinaimba nyimbo zitatu osapuma, ndipo nyundo inali nane mpaka kumapeto.

Titasiya, Bambo Whitcomb anatulukira pakhomo lakumbuyo. Chipewa analibe, tayi itapita kumsana, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Kumbuyo kwawo kunali Bambo Furtado, nkhope ngati phulusa, mkono wamanja ukulendewera. Tinamva pambuyo pake kuti umodzi wa mizati yatsopano ija unathyoka n'kuwagwera paphewa, n'chifukwa chake nyundo inachedwa. Anaitola m'madzi ndi dzanja lamanzere, lija la zala zitatu, n'kumenya nalo nyimbo zonse zitatu, fupa la phewa litathyoka.

Bambo Whitcomb anatulutsa kabuku kawo.

"Mtovu wagunda mbale kasanu ndi kawiri," anatero. "Komanso wa ng'oma waphwanya lamulo la liwiro. Malamulo onse awiri aphwanyidwa."

Mayi Pruitt anakhala pansi pa sitepe. Ine ndinali nditaimirira kale kuti ndilankhule zomwe zikanandigonetsa kupolisi, koma Bambo Furtado ananditsekereza ndi nyundo.

"Lembani, bwana," anatero. "Lembani zonse. Koma mulembenso kuti wagunda nthawi yanji. Pamene wagundapo, wa ng'oma amatsatira ndani? Nanga atathamanga, wagunda kangati?"

Bambo Whitcomb anang'ung'udza motsitsa mawu.

"Ndine wogontha ine, nenani mokweza. Kangati?"

"Sunagunde."

"Tsono mukatseka, tsekani. Koma papepalapo mulembe dzina la kawotchi kanu, osati la ana awa, osatinso la matabwa anga. Ndipo mukanene ku khonsolo kuti munali kunsi, munaona ndi maso anu, nsapato zanu zinanyowa. Mukapanda kunena, ndikanena ndine, ndi phewa ili."

Munthu wa tayi uja anayang'ana mkono wolendewera uja nthawi yaitali. Kenako anatseka kabuku n'kunena kuti nkhalambayi ipite kuchipatala msanga. Anawatengera pa galimoto yawo yomwe.

Kalata ya khonsolo inabwera patatha masiku khumi. Inati mtanda wapakati uwonjezeredwe mizati yachitsulo, ndipo pamene ntchitoyo isanathe, gule wopondaponda ku Marisol asavinidwe pa nyimbo zodekha. Mayi Pruitt anaiika m'galasi pakhomo. Sindikudziwa ngati padziko lino panalinso holo ina imene boma linailamula kuti izithamanga. Anthu a kumtunda aja anatseka mawindo awo.

Koma phewa silinabwerere. Dokotala anati mkono umenewo sudzakwezanso nyundo, ndipo zotsika makwerero oterera a kunsi aiwale. Zaka makumi atatu za pansi pa matabwa zinathera pamenepo, chifukwa cha nyimbo zimene munthu sankazifuna n'komwe. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo amene amati gule uja anali masewera a ana ndimamuyang'ana kawiri.

Lamulungu lotsatira kalata ija, tikukonzeka kuyamba, ndinaona anthu akupatuka pakhomo. Anali Bambo Furtado, mkono uli m'nsalu, atavala jekete yakuda yonunkha m'bokosi. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa holo, akuponda thabwa lililonse ngati akulipatsa moni. Aka kanali koyamba kuponda pamwamba nthawi ya gule chimwalirire Mayi Idalina. Rudy anawapatsa mpando pafupi ndi ng'oma zanga. Anakhala, anavula nsapato zonse ziwiri, n'kuika mapazi pa matabwa.

Tinaimba ngati anthu openga. Nyimbo itatha ndinawerama kukhutu lawo lamoyo, thukuta likundilowa m'maso.

"Nanga bwanji, madala? Mwationa tsopano."

Anayang'ana ovina aja, anayang'ana Rudy, n'kupukusa mutu.

"Phokoso lokhalokha," anatero. "Kunsi kunali bwino."

Ndinaseka. Ndikunyamula ndodo kuti tiyambe ina, ndinamva chidendene chopanda nsapato chikugunda mwendo wa mpando wanga, du-du-du-du.

"Ndipo unatopa pakati," anatero. "Thamanga, wa zitini."